A Bonjesi Sanakane Mankhwala

A Bonjesi atamwalira, amene anawerenga mbiri yawo pamaliro anali mwana wa mchimwene wawo, bambo wa suti yakuda, wa mawu osalala ngati a pa wailesi. Anatchula mudzi umene malemu anabadwira ku Nsanje, sukulu zimene anaphunzira, ndi zaka zimene anagwira ntchito yopereka mankhwala m'tauni muno. Zonsezo zinali zoona. Kenako anatsitsa mawu, n'kunena kuti chomvetsa chisoni n'chakuti bambo athuwa, ngakhale moyo wawo wonse anali munthu wa mankhwala, pamapeto pake anakana okha kumwa mankhwala. Azimayi amene ndinakhala nawo anapukusa mitu. Wina pambali panga anati, "Ndi mmene amathera anthu odziwa kwambiri."

Abale inu, mtima unandiwira. Ndinafuna kudzuka pomwepo ndikuwe kuti limenelo ndi bodza. Koma pamaliro a eni, iwe mkazi wongobwera, wosakhala wachibale n'komwe, ungadzuke n'kutsutsa mbiri? Ndinangokukuta mano. Lole inanyamuka pa Chinyonga kupita ku Nsanje itanyamula bokosi pamodzi ndi bodza lija, ndipo ndikumva kuti kumanda analibwerezanso. Papita mwezi tsopano koma mawu aja akadali pakhosi panga. Ndiye ndilembe zimene ndinaona ndi maso angawa, wofuna kukwiya akwiye.

Ndinagwira nawo ntchito zaka zambiri pa kiliniki ya fakitale ina ku Makata. Ine ndinali wa makadi, ndipo ndikadali pomwepo: wodwala akalowa ndimulembe dzina, ndimupezere khadi lake, azipita kwa adokotala. A Bonjesi anali pa windo la famase. Tebulo langa linali pafupi ndi windolo moti palibe chimene ankayankhula ine osamva. Anali munthu wamtali, woonda, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Khoti lawo loyera ankachapa okha, ati akazi awo sadziwa kuchotsa inki. Akakwiya ankatembenukira ku Chisena, ndipo ankakwiya pafupifupi tsiku lililonse.

Wodwala akapereka khadi pa windo, iwo sankayamba ndi kuliwerenga ayi. Ankayamba amuyang'ana kumaso, kudzera pamwamba pa magalasi.

"Mwadya chiyani m'mawa uno?"

"Tiyi, bwana."

"Wa mkaka?"

"Ayi, wakuda."

"Ndi chiyani?"

"Basi, tiyi yemweyo."

"Ndiye mukufuna ndikupatseni mankhwala abwinobwino mukawataye kuchimbudzi, eti?"

Antchito anawapatsa dzina loti a Mwadyachiyani. Ankalidziwa, ndipo analibe nalo ntchito.

Nkhani yawo inali imodzi, ndipo anaibwereza mpaka tonse tinatopa nayo. Ankati kumeza mankhwala si kumwa mankhwala. Piritsi likatsika kukhosi silinafike kulikonse. Liyenera kusungunuka, lidutse khoma la matumbo, lilowe m'magazi, apo ndiye mwamwa. Ndipo mankhwala ambiri sangathe ulendo umenewo okha, amafuna owaperekeza. Ena mwa operekezawo opanga mankhwala amawaikiratu m'piritsi momwemo. Pofuna kutionetsa ankatenga piritsi limene masiku ake anatha n'kuliponya m'tambula ya madzi, tonse tiziyang'ana likufufuma, likung'ambika, likugawika tizidutswa. Ankati chimene chikuliphulitsacho si mankhwala, ndi zinthu zina zimene anasakanizamo kuti zilitsegule, ndipo mulinso zina zothandiza kuti mankhwala osagwirizana ndi madzi asungunuke. Mankhwala enieniwo m'piritsi lonse lija nthawi zina ndi kachigawo kochepa chabe. Koma pali mankhwala ena amene operekeza a m'piritsi sawakwanira, otsalawo ayenera kuchokera m'mbale mwako.

Apa mpamene anthu ankasokonezeka, ndipo ine sindiwadzudzula. Lero a Bonjesi akuuza munthu kuti awa umwere mkaka. Mawa akuuza mnzake kuti awa ukamwera mkaka wawapha. Awa m'mimba mukhale mulibe kanthu, awa uyambe wadya. Awa usaphwanye, chikuto chake anachiika dala kuti akasungunukire kutsogolo. Kapisozi usatsegule n'kuthira ufa wake m'madzi, monga ankachitira ambiri. Bambo wina wa ku makina odulira zitsulo anawafunsa tsiku lina, "Koma bwana, inuyo mkaka mumagwirizana nawo kapena mumadana nawo? Tiuzeni chimodzi." A Bonjesi anamuyankha kuti mankhwala ali ngati alendo, wina umamuphera nkhuku, wina nkhuku sadya, ndiye mwini nyumba amayamba wafunsa. Bambo uja anachoka akung'ung'udza kuti iye wabwera ndi chifuwa, osati ndi alendo.

Atabwera mankhwala a malungo aja timati LA, olowa m'malo mwa aja a mapiritsi atatu omwa kamodzi, mpamene a Bonjesi anavuta zenizeni. Ankati amenewa popanda kamafuta m'mimba ambiri amangodutsa, olowa m'magazi amakhala ochepa. Munthu amaona ngati wachira, pakapita masabata awiri kapena atatu malungo abweranso, iye n'kumanena kuti mankhwala a masiku ano ndi ufa. Sankafuna zambiri ayi. Kapu ya mkaka, mtedza wodzaza dzanja, chitumbuwa, ngakhale phala lothira nsinjiro. Koma antchito a ku Makata ambiri ankabwera wapansi kuchokera ku Mbayani, m'mimba muli tiyi wakuda basi. Ndipo ambiri a ife tinakula tikuuzidwa kuti wodwala malungo sapatsidwa za mafuta, zimamuyambitsa nseru. Wodwala ndi phala loyera la madzimadzi, kapena chakumwa chotsekemera cha m'botolo. A Bonjesi ankalimbana ndi zimenezo okhaokha, pa windo limodzi.

Anapita kwa akuluakulu a fakitale kukapempha kuti kantini izipereka kapu imodzi ya mkaka kwa aliyense woyamba LA. Mkakawo unalipo, ankapatsa ogwira ntchito ku penti. Anauzidwa kuti kiliniki si lesitilanti. Anabwererakonso kawiri, yankho lomwelo. Ndiye anayamba zawo. Akapeza munthu wa malungo yemwe sanadye, ankatseka windo gwa, n'kumutenga okha kupita naye pa geti pamene azimayi ankagulitsa mandasi ndi mtedza. Amuyang'anire akudya, amwe mankhwala iwo akuona, kenako abwerere. Uku mzere pa benchi ukukula, akapitawo akubwera kudzafuna anthu awo, onse akukalipira ine chifukwa ndine ndinali pafupi. Ndinawauzapo kuti, "Bambo Bonjesi, inu mukakhala ku geti wotukwanidwa ndimakhala ine." Anati, "Agnesi mwananga, kutukwanidwa sikubwereza pakatha masabata awiri. Malungo amabwereza." Koma ine kukwiya sindinasiye.

Sanali munthu woti angauze wodwala kuti asamwe mankhwala. Pakakhala palibiretu chakudya ankati imwani choncho, musadumphe, koma mukangofika pamene pali kamafuta musachedwe. Ndinawamva akunena zimenezo kambirimbiri.

Makalata owachenjeza analandira angapo. Itakwana nthawi yopuma ntchito, anzawo ena ankawawonjezera chaka kapena ziwiri, iwo sanawawonjezere ngakhale sabata. Pa kamwambo kotsanzikana bwana wina anaseka kuti tsopano mzere wa ku famase uziyenda. Anthu anawomba m'manja. A Bonjesi anapinda khoti lawo n'kuliika m'jumbo. Ndipo mzere unayendadi. Amene analowa m'malo mwawo ndi mayi wabwino, wachangu, amalemba timizere pa envelopu n'kunena kuti kawiri pa tsiku, wotsatira. Mabenchi amakhala opanda munthu nthawi ya tiyi isanakwane. Kuchokera pa tebulo langa ndimawaona antchito akumeza mapiritsi pa mpopi wa panja, kumwera madzi a m'manja, n'kuthamangira ku makina.

Kupuma kwake sanapume. Ankakwera minibasi kupita ku Limbe, n'kukaima pafupi ndi anthu ogulitsa mapiritsi a m'timapepala kuseri kwa msika, aliyense wogula amufunse kuti wadya chiyani. Ogulitsawo anawapirikitsa kangapo, ati akuwaonongera malonda. Ku tchalitchi kwawo anakangana ndi akulu ampingo pa nkhani ya kusala kudya. Ankafuna kuti nthawi yosala ikamalengezedwa, azinenanso kuti amene ali pa mankhwala ofuna chakudya asasale. Anauzidwa kuti zimenezo n'kufooketsa chikhulupiriro cha anthu. Iwo anaimirira okha pakati pa zolengeza n'kunena. Chisankho chotsatira, mu komiti ya mpingo imene analimo sanabwereremo. Pondifotokozera ankaseka, koma ndinaona kuti zinawawawa.

Akazi awo anatsogola, iwo anatsala m'nyumba yawo ya zipinda zitatu ku Chinyonga. Chaka chatha sitiroko inawagwetsa m'bafa, inapha dzanja ndi mwendo wa kumanja, n'kuwalanda mawu. Tangoganizani, munthu amene pakamwa pake sipankapuma! Chimene chinatsala ndi kubuula kumodzi, "eee," kaya akufuna madzi, kaya akufuna wailesi. Kulemba ndi dzanja lamanzere anayesa, zinkatuluka ngati mapazi a nkhuku. Nzeru zinalipo zonse, maso ankaonetsa. Mwana wawo womaliza, Esita, ndi amene ankakhala nawo, koma amagwira ntchito mu shopu ya nsalu ku Limbe, kuchoka m'mamawa kubwera dzuwa litalowa. Choncho anaitanitsa azakhali ake ku Nsanje, a Zuwana, mlongo wawo wa a Bonjesi, kuti aziwasamala masana.

A Zuwana ndisawanamizire. Anasiya munda wawo, anasiya adzukulu. Ankawasambitsa mchimwene wawoyo, kuwatembenuza, kuwachapira zofunda zimene enafe sitikanazigwira n'komwe. Anthu okonda abale awo chotero ndi ochepa. N'chifukwa chake nkhaniyi imandipweteka kwambiri, palibe woipa woti ndimuloze chala mtima ukhale pansi.

Loweruka lina m'mawa Esita anandiimbira foni.

"Anti Agnesi, bambo akukana mankhwala."

"Mankhwala a chiyani?"

"A malungo. Tinakawayezetsa Lachinayi, anatipatsa LA. Mpaka lero sanamwe ndi limodzi lomwe. Azakhali akuti akangowayandikira akukankha."

"A Bonjesi? Kukana mankhwala?"

"Mwina atopa nawo moyo, anti. Tabwerani, mwina inu akumverani."

Ndinasiya zochapa m'beseni n'kukwera minibasi. Ndinawapeza atagona chagada, thupi likutentha ngati mbaula, milomo itauma mpaka kung'ambika. Atandiona maso anawala. Ndinawapatsa moni, anabuula. Ndinapempha a Zuwana kuti ayesenso ine ndikuona.

A Zuwana anawadzutsa n'kuwatsamiritsa ku pilo. Anaika mapiritsi anayi m'sosala pa mpando. Kenako anatenga kapu ya tiyi wakuda wofunda, n'kuisendeza kukamwa kuti ayambe anyowetsa kukhosi. A Bonjesi anakweza dzanja lamanzere, n'kukankha kapuyo ndi kuseri kwa dzanja, pang'onopang'ono, mpaka kutali. Kenako analoza kuchitseko. "Eee. Eee."

"Mwaona?" anatero a Zuwana. "Akutithamangitsa. Masiku awiri zomwezi." Anayamba kutola sosala ija kuti achoke nayo.

Ine kukankha kumeneko ndinkakudziwa. Zaka zambiri m'mbuyomo, ndili ndi pakati pa mwana wanga wachiwiri, anandipeza ndi magazi ochepa n'kundipatsa mapiritsi ofiira aja owonjezera magazi. M'mawa wina ndinakhala pa tebulo langa, piritsi m'dzanja, tiyi pambali. A Bonjesi anatuluka m'famase n'kukankha kapu yanga ndi kuseri kwa dzanja, chimodzimodzi, mpaka kumapeto kwa tebulo. Pamaso pa odwala! Kenako anati tiyi amamanga mankhwala amenewo asanalowe m'magazi, ndimwa mwezi wathunthu pachabe. Ndinachita manyazi, ndinawanyanyala sabata yonse osawapatsa moni. Iwo Lolemba lotsatira anangoika malambe awiri a kwawo pa tebulo langa, ati ndiviike ndizimwera amenewo, zipatso zowawasa ndi zimene zimaperekeza mapiritsiwo. Pepani sananene.

"Dikirani, mayi," ndinatero kwa a Zuwana. "Sosalayo ibwezeni. Akankha kapu, mapiritsi sanakankhe."

"N'chimodzimodzi."

"Si chimodzimodzi. Adya chiyani m'mawa uno?"

Nditangofunsa funso limenelo, a Bonjesi anamenya matiresi ndi dzanja, phaa! Maso ali pa ine tong'o.

"Phala pang'ono," anatero a Zuwana. "Loyera."

"Nsinjiro munathira? Kapena majarini?"

"Munthu wa malungo? Mukufuna asanze matumbo?"

Ndinatuma Esita ku golosale ya pa kona, kumene a Bonjesi ankaloza masiku awiri onsewo. Si patali, ukaima pakhomo umaiona. Anabwera ndi kapaketi ka mkaka. Tinafunditsa, ndinataya tiyi uja n'kuthira mkakawo m'kapu yomweyo. Ndisanafikitse n'komwe, iwo anali atatsegula kale pakamwa. Anamwa theka, n'kutambasula dzanja kufuna mapiritsi. Limodzi, mkaka. Lachiwiri, mkaka. Onse anayi anapita. Atamaliza anatsamira, misozi ikutsika mbali imodzi ya nkhope, koma sinali misozi yothokoza ayi. Ndinakhala nawo zaka zambiri, ndikudziwa. Anali atakwiya koopsa, ndipo Chisena chonse chimene akanatikalipira nacho chinali chitatsekeredwa m'kamwa.

Esita anagwira pakamwa. "Mayo ine. Ankanena zimenezi. Kuyambira kalekale ankanena."

"Nanga iwe unali kuti?" ndinamufunsa. Ndinalakwa kumukalipira mwana wotopa ngati uja, koma zinatuluka.

"Ankanena zambiri, anti. Tinasiya kumvetsera."

Ndi a Zuwana tinakangana pakhonde. Iwo anati mayi awo analera ana asanu ndi awiri m'chigwa cha udzudzu, malungo chaka ndi chaka, ndipo sanapatsepo wodwala mkaka. Ine ndinati nthawi imeneyo mankhwala awa kunalibe. Iwo anati mimba ya munthu sinasinthe. Ndinati si awa amwa inu mukuona? Anati amwa chifukwa aona mlendo, achita manyazi. Ndinayesa kufotokoza za operekeza monga ankafotokozera eni ake, koma m'kamwa mwanga zinkangomveka zopanda mutu. Pomaliza anati, "Mwana iwe, ndamva. Inu ophunzira ndinu mumadziwa." Aliyense amadziwa kuti wamkulu akayankha choncho ndiye kuti sanavomere. Nanenso ndinadziwa, komabe ndinadzinamiza kuti zatheka.

Ndinalemba papepala ndi zilembo zikuluzikulu kuti mapiritsi anayi m'mawa, anayi madzulo, ndi mkaka, mpaka athe. Ndinalibaya pa msomali pamwamba pa bedi, n'kuchoka ndikudzimva kuti ndagwira ntchito. Sindinafunse ngati a Zuwana amawerenga. Sawerenga.

Loweruka madzulo ndi Lamulungu lonse Esita anali pakhomo, anawamwetsa yekha ndi mkaka, ndipo anamwa bwinobwino. Lamulungu masana anasanzako kamodzi, monga amachitira ambiri odwala malungo. Kwa a Zuwana umenewo unali umboni. Lolemba m'mamawa Esita anatumidwa ku Lilongwe kukatenga katundu wa shopu, ulendo wa masiku atatu. A Zuwana anabwerera ku tiyi wakuda. A Bonjesi anayambanso kukankha, ndipo sosala inachotsedwa. Esita ataimba kunyumba n'kumva kuti akukananso, anandiimbira ine kawiri. Ndinali ndi anthu pa tebulo la makadi, ndinaona foni ikulira, ndinati ndimuimbira ndikaweruka. Ndinaiwala. Palibe chifukwa china, ndinangoiwala basi.

Pobwera Esita anapeza thupi lazizira, bambo ake akudya, akumvera wailesi. Aliyense anati achira. Patatha masabata awiri malungo anabwerera, ndendende mmene iwo ankanenera pa windo paja. Ulendo uno anabwera ndi mphamvu, pa thupi lofooka kale. Anawagoneka m'chipatala, anawaika madiripi, anakhalamo masiku anayi. Ine ndinafika tsiku lachitatu, sanandizindikire.

Sindine dokotala. Sindinganene kuti akanamaliza mapiritsi aja bwenzi lero alipo, thupi linali litatha kale ndi sitiroko. Koma mkwiyo ndili nawo wokwanira tonse. Ndimakwiyira a Zuwana, amene anamvera mayi awo omwalira kalekale kusiya mchimwene wawo wamoyo akuloza chitseko. Ndimakwiyira Esita. Ndimadzikwiyira ndekha, ndi kapepala kanga kopusa ndi foni ija. Ndipo a Bonjesi eni akewo ndimawakwiyiranso, mwina kuposa onse. Bambo inu, si inu munkati pakasowa kamafuta imwani choncho, musadumphe? Mutaona kuti mlongo wanu sakumva, bwanji simunangomeza ndi tiyi yemweyo? Yankho lanu ndikulidziwa. Mukanati mkaka sunasowe, unali pa golosale poonekera pakhomo, amene anasowa ndi munthu womvetsera. Mwina munali olondola, monga nthawi zonse. Koma liuma lanu lija mukanalisiyako tsiku limodzi lokha.

Zoti anakana mankhwala ndiye ayi, zimenezo sindidzavomera. Munthu wokana mankhwala satsegula pakamwa kapu isanafike. Anakana kuwamwa molakwika, monga ankakanira kwa antchito a ku Mbayani, kwa mabwana, ndi kwa ine ndemwe. Tsoka lake ulendo uno analibe mawu oti afotokoze, ndipo ife amene tinawamva zaka zonse zija aliyense anali kwake.

Sabata yatha ndinapita ku Chinyonga kukapepesa bwinobwino, chifukwa pamaliro sucheza ndi munthu. Esita anali kuntchito. A Zuwana anabwerera naye limodzi kuchokera ku Nsanje kuti amuthandize kukonza m'nyumba, kenako azipita kwawo. Anandilandira bwino, anandiyalira mphasa pakhonde, analira pang'ono, nanenso ndinalira. Aonda mayi aja. Kenako ndinapempha kuti ndilowe m'chipinda chija.

Bedi analitulutsa, lili chiimirire kuseri kwa nyumba. Pa simenti patsala zipsera zinayi pamene panali miyendo yake. Makoma anatsuka, makatani anachapa, chipinda chonse chikununkhira sopo. Ukayankhula mawu amamveka kawiri. Pawindo, padzuwa, panali kapaketi ka LA kopindikapindika, mbali imodzi mabowo okhaokha, mbali inayo mapiritsi asanu ndi atatu achikasu, osatsegula.

Ndinakatola. A Zuwana anali ataima pakhomo.

"Mayi, awa titaye," ndinatero. "Kapena ndipite nawo ku kiliniki akawaononge."

"Titaye mankhwala abwinobwino?" Anabwera n'kundilanda mwaulemu, n'kuwamanga pa nsonga ya chitenje chawo. "Ndipita nawo kumudzi. Kwathu malungo sasowa, wina akadzadwala adzamwa."

"Ndi osakwanira amenewo, ndi a tsiku limodzi. Akhalanso padzuwa masabata onsewa."

"Adzathandizabe. Tiyeni panja, tiyi wapsa."

Ndinayang'ana pamene panali bedi paja, ndikudikira kuti wina andithandize kukalipa. Panali simenti yokhayokha. Ndinatuluka, ndinakhala pamphasa, ndinalandira kapu ndi manja awiri.